Tonde wa Jekete ya Chibakuwa

Mwati mukufuna kumva kumene mwambi wa mbuzi uja unachokera? Khalani pansi kaye, achinyamata inu, lole yodzakutengerani kumsonkhanoyo sinafike, ndipo malaya a ulere akupatsaniwo sathawa. Chiyambi cha mwambi umenewu chinali chotere.

Pamsika wa Kalindiza panali mayi wina wogulitsa matimati, dzina lake Nachisale. Benchi lake linali pansi pa mtengo waukulu wa kachere, m'mphepete mwa msewu, pamene amayi onse a ndiwo zamasamba ankayala malonda awo. Malo amenewa anali okoma kuposa ena onse pamsikapo, chifukwa mthunzi sunkachoka tsiku lonse, ndipo aliyense wotsika basi ankayamba waponda pamenepo. Mwamuna wake anali a Lufeyo Kamtedza, telala wa pakhonde la sitolo ina. Pa makina anali katswiri, koma anali ndi matenda amodzi: kukonda kutamandidwa. Ukangowauza kuti buluku asoka bwino, ankatha kukusokera lina ulere, n'kubwerera kunyumba chimanjamanja akuimba mluzu.

Chaka china wapampando wa msika anatula pansi udindo chifukwa cha ukalamba, ndipo kunalengezedwa chisankho. Udindowu sunali wamasewera. Wapampando ndiye ankagawa malo, ndipo mawu ake ndi amene ankamveka kwa akuluakulu a kuboma. Popeza ambiri pamsikapo sankadziwa kuwerenga, lamulo linali lakuti wopikisana aliyense akhale ndi chizindikiro chake chojambulidwa pachitini, ndipo wovota azikaponya njere ya nyemba m'chitini cha munthu amene wamukonda.

Anayambitsa zonse ndi abambo a pakhonde, amene ankabwera kudzacheza a Lufeyo akusoka. Anawauza kuti munthu wa mawu okoma ngati iwo sayenera kukalambira pamakina. Madzulo ake a Lufeyo anafika kunyumba atatukumula chifuwa, n'kuuza mkazi wawo kuti anthu awapempha kuti aime nawo. Nachisale anafunsa kuti anthu ake ndi ati. Atamva mayina awo anangopukusa mutu, chifukwa mwa onsewo munalibe ndi mmodzi yemwe wokhala ndi benchi pamsika.

Wopikisana nawo anali Mayi Jesinala, wogulitsa mtedza, mayi wosalankhulalankhula. Iye anasankha lichero, n'kunena kuti ntchito yake idzakhala kupeta, zabwino zitsale, mankhusu apite ndi mphepo. A Lufeyo atamva zimenezi anasowa mtendere. Lero ankafuna mkango, mawa chiwombankhanga, mkuja mphezi. Nachisale, poona kuti nkhaniyo yakula kale, anawalangiza kuti angosankha singano, popeza aliyense akuwadziwa kuti ndi telala, ndipo singano imalumikiza zong'ambika. Iwo anakana. Anati singano ndi kanthu kochepa, anthu okhala kumbuyo sangakaone.

Tsono pakhomo pawo panali tonde wamkulu wakuda, wa ndevu zoyera. Tondeyu anali wa Nachisale. Anamupatsa malume ake tondeyo akadali kamwana, ndipo ankamusungira chinkhoswe cha mwana wawo wamkazi, Felesiya, chimene chinayenera kuchitika anthu akakolola. M'mawa wina tondeyo anagunda mtondo umene unali pabwalo, mtondo uja n'kugubuduka. A Lufeyo, amene ankasukusula chapafupi, anaimirira madzi akuchucha kumaso.

"Mayi a Felesiya, mwaona? Chinthu chosabwerera m'mbuyo. Chizindikiro changa ndi chimenechi."

Nachisale anawakumbutsa kuti tonde aliyense amayamba wabwerera m'mbuyo asanagunde, ndiponso kuti amanunkha. Koma mawu ake analowera khutu ili n'kutulukira linali. Pomaliza Nachisale anavomera, a Lufeyo atamutsimikizira kuti chofunika ndi chithunzi chokha, tonde weniweniyo sasuntha m'khola.

Chithunzicho chinajambulidwa ndi mnyamata wolemba zikwangwani za masitolo, ndipo chinatuluka choipa. Ena ankati ndi galu, ena bulu. Gogo wina wogulitsa fodya anachiyang'ana nthawi yaitali n'kufunsa kuti a Lufeyo asankhiranji fisi. Tsiku lomwelo a Lufeyo anagamula kuti anthu ayenera kuona chizindikiro chamoyo. Anasiya madiresi a eni ake ali osasoka, n'kutha tsiku lathunthu akuyeza tonde m'chifuwa ndi m'mapewa. Anamusokera jekete ya chibakuwa, ya kolala ndi mabatani achitsulo, yokhala ndi kathumba pachifuwa. Nachisale ataiona anangogwira kukamwa. Pa zaka zonse za ukwati wawo, mwamunayo anali asanamusokerepo chovala chokongola ngati chimenecho.

Tonde atalowa mumsika ndi jekete yake, malonda anaima. Ana ankamutsata akuimba, anyamata a njinga zakabaza ankaliza mabelu, ndipo okwera basi ankasuzumira pamawindo. A Lufeyo akafuula kuti "Tonde!" gulu linkayankha kuti "Gunda!" Za mavuto a msika, monga ngalande yotsekeka ndi zinyalala zounjikana, palibe ankafunsa, ndipo iwonso sankazitchula. Anasiya kumeta ndevu kuti afanane ndi chizindikiro chawo. Ndevuzo zinamera mothothoka, apa zilipo apa palibe, koma iwo ankazisisita ngati za mtumwi.

Chimene chinkamutopetsa kwambiri Nachisale chinali chakuti tonde sankachitanso kanthu kopanda tanthauzo. Akakwera pamatumba a chimanga, a Lufeyo ankati ndi chizindikiro chakuti akukwera pampando. Akayetsemula Mayi Jesinala akudutsa, ankati wakana mfundo zawo. Tsiku lina tonde anasiya timanyi take pakhomo pa ofesi ya msika, ndipo a Lufeyo analetsa wosesa kuti asachotse, ati ndi mbewu za chitukuko. Kunyumba nako analamula kuti chizindikiro sichigona m'khola. Tonde anayamba kugona m'chipinda chosungira ufa, ndipo m'sabata yoyamba yomwe anatafuna duku la kutchalitchi la Nachisale. Womusambitsa ndi sopo kuti fungo lichepe anali Nachisale. Wochapa jekete analinso yemweyo.

Kumsika zinthu zinkaipiraipira. Tonde anazindikira msanga kuti palibe womuletsa, ndiye ankayenda benchi ndi benchi akulawa mpiru, kabichi ndi chinangwa. Mayi wina atamukwapula ndi kamtengo, a Lufeyo anakalipa kuti womenya chizindikiro wamenya iwo amene. Amayiwo sankapita kwa a Lufeyo kukadandaula. Ankabwera pabenchi la Nachisale, n'kuima chete atagwira m'chiuno, ndipo iye ankawapepesa ndi milu ya matimati ake. Madzulo ankabwerera kunyumba dengu lili lopepuka, mpango wake womangamo ndalama wopanda kanthu, mutu ukuwawa.

Kenaka kunachitika msonkhano woti opikisana awiriwo alankhule pamaso pa anthu onse, pansi pa kachere. Mayi Jesinala anabwera ndi lichero lake muli mtedza, kuti aonetse mmene adzapetere nkhani za msika. Atangoliika pansi kuti akonze chitenje, tonde anadula chingwe, n'kulowetsa mutu m'licheromo. Anadya mtedza uja, ndipo potukula mutu nyanga zinaboola lichero, n'kukakamira pamutu pake ngati chipewa. Anathamanga nalo mozungulira kachere anthu akugwa ndi phwete. A Lufeyo anakwera pabenchi n'kulengeza kuti aliyense wadzionera yekha, tonde wavala ufumu wa adani ake.

Nachisale anachita manyazi osaneneka. Madzulo anatenga lichero lake latsopano n'kukapereka kwa Mayi Jesinala. Iwo analandira mwaulemu.

"Lichero n'logula, mayi," anatero. "Chisoni changa chili pa inu."

Mawu amenewa anamubaya. M'mawa mwake, a Lufeyo atapita kukasamba, Nachisale anavula tonde jekete, n'kumukokera kwa mchimwene wake kutsidya kwa dambo, kuti akakhale kumeneko mpaka chisankho chithe. Ankaganiza kuti wathana nazo. Koma pobwerera anapeza msika uli pa chipwirikiti. A Lufeyo anali akuyenda uku ndi uku atanyamula jekete yopanda mwini, akulira kuti adani aba chizindikiro, ndipo anyamata a njinga anali atazungulira benchi la Mayi Jesinala akufuna kuligubuduza. Nachisale anayesa kufotokoza kuti watenga ndi iye, koma phokoso linameza mawu ake. Sakanachitira mwina. Anawolokanso dambo lija dzuwa lili paliwombo, n'kubwera naye tonde, thukuta lili kamukamu. Atangomumasula pachipata, tonde anathamangira kumabenchi a kabichi amene anawazolowera. A Lufeyo anauza anthu kuti chizindikiro chapulumuka chokha m'manja mwa adani n'kubwerera kwa anthu ake. Mbiri ya tonde inafika mpaka kumisika ina.

Mbiri imeneyo ndi imene inabweretsa a Kachigamba. Iwowa anali mkulu wa malonda a ziweto ndi nyama, wonenepa, woseka ndi mano onse, ndipo anali ndi kagalimoto kotsegula kumbuyo. Anafika pakhonde la telala ndi anzawo awiri, n'kuwatcha a Lufeyo kuti Olemekezeka. Anati chizindikiro chotchuka chonchi sichiyenera kuyenda pansi ngati mbuzi wamba. Kuyambira tsiku limenelo tonde ankayenda pagalimoto, ataima kumbuyo mphepo ikuuluza ndevu. Ankamupatsa madeya osakaniza ndi mchere, nthochi zakupsa ndi masamba a mbatata. Ubweya unayamba kunyezimira, ndipo mabatani a jekete anachita kusunthidwa. A Lufeyo nawo anapatsidwa jekete ya pakaunjika yotalika manja. Telala wina aliyense akanaona ngati chipongwe, koma iwo ankaivala ngakhale kunja kukutentha.

Nachisale sanawakonde alendowo. Tsiku lina anaona a Kachigamba akusisita tonde pamsana. Dzanja lawo linatsika pang'onopang'ono, n'kufinya m'chiuno, n'kutsina ntchafu, kenaka anamunyamula pang'ono n'kutsinzinira mnzawo. Kagwiridwe kameneko Nachisale ankakadziwa, chifukwa ndi mmene iyenso ankagwirira nkhuku pamsika asanafunse mtengo. Atauza mwamuna wake, anamuyankha kuti nsanje ndi yoipa, ndipo a Kachigamba ndi munthu wokonda ziweto basi.

Patangotsala masiku ochepa kuti chisankho chichitike, Nachisale anafika pamsika m'mawa n'kupeza anyamata a Kachigamba akuyeza pansi pa kachere ndi chingwe. Chingwecho chinadutsa pabenchi lake, n'kuzungulira mabenchi onse a amayi mpaka kumsewu. Atafunsa, anamuuza kuti akafunse a wapampando a mawa. Anasiya matimati m'manja mwa mnzake n'kulunjika pakhonde. Anapeza a Lufeyo akupesa ndevu pakagalasi.

A Lufeyo anafotokoza mokondwa kuti a Kachigamba alonjeza kumanga chipilala cha tonde, cha simenti, chachitali kuposa munthu, pansi pake padzalembedwa dzina la Lufeyo Kamtedza. A Lufeyo anangolonjeza kuti akapambana adzapereka kamalo koimikapo chipilalacho.

"Bambo a Felesiya, chipilala cha mbuzi imodzi chikufuna malo a amayi onsewa?"

"Pafunikanso kanyumba ka mlonda wochiyang'anira. Ndiponso alendo odzachiona adzafuna pokhala, pomwera zoziziritsa kukhosi ndi kudya kanyenya."

"Nanga ife tizikagulitsira kuti?"

"Kuseri kwa ngalande kuli malo ambiri. Vuto lanu amayi ndi lakuti mumangoona matimati. Zaka zikubwerazi matimati anu adzaiwalika, koma chipilala chidzakhalapo."

Nachisale anafuna kulankhula zambiri, koma pakhondepo panali anthu, ndipo sanafune kunyoza mwamuna wake pagulu. Anangowauza kuti kanyumba ka mlonda komangidwa ndi wamalonda a nyama sikalephera kukhala ndi mbedza zopachikapo nyama, n'kubwerera kumalonda ake mtima ukuwira.

Anauza amayi anzake zonse zimene anamva. Ena anamukhulupirira. Ena anati mkazi sangaulule chinsinsi cha mwamuna wake popanda chifukwa, mwina ndi msampha. Enanso anati ngakhale tonde amadya kabichi wawo, wabweretsa ogula ambiri odzamuona, ndiye asiyidwe. Nachisale anatopa n'kufotokoza. Anaona kuti anthu akamakonda chizindikiro, munthu wolankhula za malo ndi ngalande amaoneka ngati wosokoneza gule.

Tsiku lachisankho linafika. Zitini ziwiri zinaikidwa m'kachisakasa, china cha lichero, china cha chinyama chonga fisi chija. Anthu ankalowa mmodzimmodzi. Anyamata a njinga, ootcha kanyenya ndi onyamula katundu anabwera mwaunyinji, ndipo ena ankanena poyera kuti akuvotera tonde, telalayo sakumudziwa bwino. Nachisale atalowa, anaima pakati pa zitini ziwirizo nyemba ili m'manja. Anaganiza za zaka zimene anakhala ndi mwamuna wake, munthu wosamenya, wosaledzera, wongopusa basi. Kenaka anaganiza za chingwe chija chikudutsa pabenchi lake. Nyemba inagwera m'chitini cha lichero, ndipo anatuluka osayang'ana munthu.

Sizinathandize. Chitini cha tonde chinalemera kuposa chinzake, ndipo a Lufeyo anakhala wapampando. Anyamata anawanyamula pamapewa. Nachisale anadikira kuti awatsitse, n'kuwauza kuti chisankho chatha, tsopano akufuna mbuzi yake ibwerere m'khola, chifukwa akuchimuna anali atatumiza kale uthenga wa tsiku la chinkhoswe. A Lufeyo anati asadere nkhawa. A Kachigamba akonza phwando lachipambano mawa lake, ndipo apempha kuti tonde akagone kwawo, akamusambitse bwino kuti adzaoneke pachithunzi. Nachisale anatembenuka n'kuona tonde ali pagalimoto paja, nkhata ya maluwa ili m'khosi, akudya nthochi m'manja mwa a Kachigamba. Ankadumphadumpha, akugwedeza kamchira, akulira mokondwa ngati kamwana ka mbuzi. Chibadwire chake anali asanakondwepo chomwecho. Galimoto inanyamuka Nachisale asanafike pafupi.

Mawa lake masana phwando linachitikira pansi pa kachere. Mabenchi a amayi anasunthidwa, ati kwa tsiku limodzi lokha, ndipo m'malo mwake munaikidwa matebulo. Panali mpunga, thobwa, ndi nyama yambiri yonona, ina yophika ina yootcha. A Lufeyo anakhala patebulo lapamwamba pakati pa a Kachigamba ndi anzawo, ndipo mbale yawo sinkaphwa. Nachisale anakana kukhala pansi. Anazungulira pamalopo akufunafuna mbuzi yake. Pagalimoto panalibe. Anafunsa anyamata operekera zakudya, onse ankangoloza kwina. Atafika kuseri kumene ankaphikira, anaona mayi wina akuphula poto wamoto, atagwirira ndi nsalu ya chibakuwa ya mabatani achitsulo. Chapatali pang'ono, chikopa chakuda chinali chitakhomedwa pansi ndi zikhomo kuti chiume.

Nachisale sanalire. Analanda nsalu ija m'manja mwa mayiyo n'kuyenda molunjika kutebulo lapamwamba. Anafika pa nthawi imene a Lufeyo anali ataimirira, fupa la mwendo lili m'dzanja, akuitanitsa wojambula zithunzi ndi kulamula kuti abweretse tonde adzaime pambali pawo. Anyamata ankangoyang'anana. Nachisale anayala jekete ija patebulo, yodzaza mafuta ndi mwaye, n'kuiwongola bwinobwino kolala.

"Chizindikiro chanu icho, bambo a Felesiya. Chotsalacho chili m'dzanja lanulo."

A Lufeyo anayang'ana jekete, n'kuyang'ana fupa. Kwa kanthawi Nachisale anaganiza kuti tsopano maso a mwamuna wake atseguka, ndipo anayamba kuwamvera chisoni. Koma a Kachigamba anaimirira osatekeseka, akupukuta m'manja, n'kuika dzanja paphewa la wapampando.

"Olemekezeka, musadandaule. Chizindikiro chagwira ntchito yake. Dzulo anthu ankangochiona ndi maso, lero aliyense pano ali nacho m'thupi mwake. Ndi mtsogoleri uti amene chizindikiro chake chinalowa mwa anthu ngati chanuchi?"

Nkhope ya a Lufeyo inayamba kuwala pang'onopang'ono, ngati nyali imene akuithira mafuta. Anabwereza mawuwo chapansipansi, kenaka anatembenukira kugulu n'kukweza fupa lija m'mwamba. Analengeza kuti tonde sanafe, wangolowa mwa anthu ake. Anyamata anaomba m'manja, ena akuseka mpaka kutsamwa.

Nachisale anafunsa a Kachigamba, mawu ake ali otsika, kuti anawapatsa ndani chilolezo chopha mbuzi ya chinkhoswe cha mwana wake. Iwo anayankha kuti a wapampando anawauza kuti chilichonse chokhudza chizindikiro aziyendetsa ndi iwo, ndipo mayi asadandaule, chifukwa posachedwa adzakhala ndi tonde wa simenti, wosadwala, wosakalamba.

"Ndiye ankhoswe a mwana wanga adzadya simenti?"

Ng'oma zinali zitayamba kale kulira, ndipo a Kachigamba analengeza kuti wapampando watsopano ayenera kuzungulira msika wonse anthu amuone. Anawakweza a Lufeyo kumbuyo kwa galimoto, pamalo pomwe pankaima tonde. Anawaveka nkhata ya maluwa ija, imene inali itayamba kufota, n'kuwapatsa chingwe choti agwirire angagwe. Mmodzi wa anzawo a Kachigamba anawasendera nthochi. A Kachigamba eni ake anawasisita pamsana, n'kutsinzinira mnzawo uja.

Zimene zinatsatira mukhoza kuzilota nokha. Mwezi usanathe, pansi pa kachere panazungulira mpanda wa malata. Kanyumba ka mlonda kanatuluka butchala yaikulu ya mbedza zake, pambali pake malo omwera mowa. Chipilala sichinamangidwe, ati simenti inatha. Amayi anakayala malonda padzuwa kuseri kwa ngalande, matimati n'kumafota asanafike masana. Ataona kuti zafika pamenepo, anagwirizana onse, amene anavotera tonde ndi amene anakana, n'kupita kuboma kukadandaula, ndipo a Lufeyo anachotsedwa paudindo mvula isanagwe. Malowo sanabwerere. A Lufeyo anameta ndevu n'kubwerera pamakina awo, ndipo a Kachigamba ankadutsa pakhondepo ndi galimoto osatukula ngakhale dzanja. Pachinkhoswe cha Felesiya alendo anadya nkhuku zimene anapereka mchimwene wa Nachisale, ndipo bambo a mwana anakhala mutu uli pansi tsiku lonse.

Koma zonsezo zinali zam'tsogolo. Masana a phwandolo, galimoto inayamba kuyenda pang'onopang'ono, a Lufeyo ali pamwamba. Ankavina, akudumphadumpha, dzanja lina pachingwe lina likugwedeza nthochi, akuseka mpaka misozi. Nachisale anaima pambali pa msewu, jekete yamafuta ija ili kukhwapa. Mayi Jesinala anabwera n'kuima naye, ndipo awiriwo anayang'ana galimotoyo ikuzungulira. Patapita kanthawi Mayi Jesinala anafunsa kuti kodi munthu amene wangodya kumene chizindikiro chake akukondwera chiyani chomwechi.

Nachisale anapumira m'mwamba. Anayang'ana mwamuna wake, n'kuyang'ananso a Kachigamba amene ankayenda pambali pa galimoto akumwetulira, ndipo anayankha ndi mawu amene inu lero mukuwatcha mwambi.

"Asiyeni avine, mayi. Dzulo ndinaona wina akudumpha chomwechi pamalo omwewo. Mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi."